Maina Makumi Atatu a kwa Bakari

Ku Balaka, kuseri kwa sitolo ya zitsulo za njinga, kunali kaofesi ka chipinda chimodzi kamene dzuwa linkakawotcha ngati chiwaya. Munali matebulo awiri, kabati yokana kutsekeka, ndi kompyuta imodzi yolumikizidwa ku chingwe cha foni. Mmenemo ndimo munkagwira ntchito a Wadson ndi mayi Halima chaka chija cha njala, 2005, pamene ana ankawiritsa mango anthete n'kumati ndi chakudya cha masana.

Ntchito yawo kuinena n'kosavuta. Aphungu ku Nyumba ya Malamulo akavomereza kuti chimanga cha thandizo chipite kwa anjala, pamafunika anthu oti atsate m'mbuyo mwa malole, akaone ngati chalowadi m'nyumba za eni ake kapena chakhotera panjira. Akaona alembe lipoti, lipite ku komiti ya aphungu. Anthu otere amawatcha ounika. Sagawa chimanga, sanyamula thumba, koma cholembera chawo chimatha kuimitsa lole yodzaza.

Ounikawa anali ochepa komanso omwazikana, wina ku Zomba, wina ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ena kunja kwa dziko. Ndiye anapangana zokhala ndi bwalo lawo la pa imelo. Kachitidwe kake n'kotere: ukalemba kalata imodzi n'kuitumiza ku adiresi ya bwalolo, imagwera nthawi yomweyo m'makompyuta a onse amene analembetsa. Zili ngati kulankhula pamzere wa pachigayo. Iwe umati ukuuza mnzako wapafupi, koma wamva ndi wakumapeto, wamvanso ndi uja wangoima pakhomo amene sukumudziwa n'komwe. Woyang'anira bwalolo anali a Yotamu a ku Zomba, munthu wamkulu wa mawu ochepa, ndipo lamulo lawo linali lalifupi: funsanani njira, gawanani nzeru, koma zimene mwapeza kumudzi musaziike pabwalo musanazitsimikize, ndipo maina a anthu ayi ndithu.

A Wadson anali a ku Ntcheu, munthu wanzeru zake, wosaba, wosamwa. Vuto lawo linali limodzi, kusakhazikika, ngati nkhuku yofuna poikira. Zaka ziwiri anakhala akuwerenga za anzawo pabwalolo mwendo ukugwedera pansi pa tebulo. Wa ku Mzuzu atagwira akatangale pa feteleza, dzina lake linayenda pabwalo sabata yathunthu, mpaka anamuitana kumsonkhano wakunja. A Wadson akalemba kanthu, ankayankhidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, nthawi zina palibe. Zinkawadya mumtima. Munthu wotero ngoopsa kuposa waulesi, chifukwa waulesi amangogona osaononga kanthu.

Mayi Halima anali a ku Ulongwe, aakulu kwa a Wadson ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Kompyuta ankaigogoda ndi zala ziwiri mokhala ngati akusankha nyemba, koma midzi ya ku Machinga ankaidziwa kuyambira nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique, ndipo Chiyao chinali cha kwawo.

Pakati pa Disembala anauzidwa kuti akaunike mudzi wa kwa Bakari, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kumene mabanja makumi asanu ndi awiri ankalandira thumba la chimanga mwezi uliwonse. Sabata yomweyo mchimwene wa mayi Halima anamwalira ku Ulongwe. Pochoka, mayiwo anawauza a Wadson kuti adikire, akangotha sadaka ya maliro adzapitira limodzi Lolemba. A Wadson anavomera ndi pakamwa. Lachitatu m'mawa anakwera njinga yamoto ya ofesi, kaundula ali m'chikwama, okhaokha.

Anafika kwa Bakari dzuwa lili pamutu. Mudzi unali zii. Nyumba iyi chitseko chomanga ndi luzi, iyo chomanga ndi luzi, pamafuwa phulusa lozizira. Anayenda khomo ndi khomo, n'kumaima pabwalo la nyumba, kuitana dzina la m'kaundula kawiri, n'kuika kachizindikiro papepala. Anthu amene anawapeza anali agogo angapo ndi amayi oyamwitsa. Atawafunsa za maina a eni nyumba zotsekedwazo, amayiwo anayang'anana, kuyang'ana njinga yamoto, kuyang'ana chisoti ndi pepala, n'kupukusa mitu. Mmodzi wodziwa Chichewa anati anthu amenewo sakuwadziwa. Masabata awiri m'mbuyomo kunali kutabwera anthu a boma oona za usodzi pa njinga zamoto zoterozo, akufunsanso maina a amuna, ndipo pochoka ananyamula maukonde. A Wadson zimenezo sankazidziwa, ndipo sanafunse chifukwa chake anthu akuwayankha akuyang'ana pansi. Mitambo inayamba kuda cha kummawa, anaopa matope a mumsewu, ndipo maola awiri asanakwane anali atabwerera. Papepala panali maina makumi atatu okhala ndi kachizindikiro.

Njira yonse ankasekerera ngati munthu wotola chikwama pamsika. Maina makumi atatu opeka, m'mudzi umodzi. Ngakhale wa ku Mzuzu uja sanapezepo zotere.

Mayi Halima anabwera Lachisanu kudzatenga mapepala awo, n'kuwapeza a Wadson ali pakompyuta, kalata itatha kale kulembedwa. Anaima kumbuyo kwawo n'kuiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Mwapitako kamodzi, masana, mwezi wa Disembala, chaka cha njala," anatero. "Ndani amakhala pakhomo nthawi imeneyo? Anthu ali ku ganyu tsidya la nyanja, akulimira makaka, chinangwa chouma chija, ku Mozambique. Ena ali m'dambo akukumba nyika, mizu ya kakombo, kuti adye."

A Wadson anati anafunsa anthu, ndipo anthuwo anakana.

"Mutavala chisoti, pepala lili m'manja, mukufunsa maina a amuna a kunyanja? Inenso ndikanakukanani, achimwene. Madenga a nyumbazo anali ofolera chaka chino kapena owola? Njira ya kuchitsime inali yopondeka?"

Zimenezo a Wadson sanazione, koma sanafune kuvomera. Anati iwo sakupereka lipoti iyayi, akungofunsa anzawo pabwalo kuti munthu ukapeza zotere umayamba pati. Mayi Halima analoza pagalasi la kompyuta, pamene panali dzina la mudzi ndi maina onse makumi atatu atandandalikidwa ngati tomato pabenchi.

"Limeneli si funso. Ndi chigamulo chimene mwachiveka nsalu ya funso. Chotsani maina, chotsani mudzi, Lolemba tipite tonse. Masiku atatu okha akuthyolani chiyani?"

A Wadson anati pofika Lolemba akuba adzakhala atamva n'kukonza mabodza awo. Ananenanso mawu amene pambuyo pake ankalakalaka atawameza, akuti vuto la anthu ogwira ntchito kwawo ndi loti aliyense ndi m'bale wawo. Mayi Halima, amene anali atangoika m'bale wawo m'manda masiku anayi apitawo, anangotenga mapepala awo. Asanafike pakhomo, chala cha a Wadson chinali chitadina kale.

Mayankho anayamba kugwa ngati ngumbi. Pofika Lolemba anali opitirira makumi awiri. Uyu akuti mwagwira ntchito, uyo akuti tiuzeni njira yanu tikayese kwathu, wina wakunja akuti nkhaniyi ndi yoyenera kukambidwa pamsonkhano. Pakati pa zonsezo panali kakalata ka a Yotamu ka mizere itatu, kowakumbutsa lamulo la maina, n'kuwafunsa kuti apitako kangati ndipo anali ndi ndani. A Wadson anakadumpha. Munthu akamadya nzimbe safuna kuuzidwa za mano.

Chimene sankadziwa n'chakuti pabwalopo panali munthu wina wa ku bungwe logawa chimangalo, amene analembetsa zaka zapitazo ndipo sanalembepo ngakhale moni. Ameneyo anaitumiza kalatayo kwa abwana ake. Abwanawo, poopa kuti opereka thandizo amva kuti chimanga chikupita kwa anthu opeka, sanadikire lipoti, sanadikire komiti. Analamula kuti maina makumi atatuwo ayambe achotsedwa mpaka nkhani itafufuzidwa. A Wadson atamva, anayenda uku ndi uku m'kaofesi kaja manja ali m'thumba, n'kunena kuti mwaona, zinthu zimayenda munthu ukafulumira. Mayi Halima anawapempha kachiwiri kuti apite akaonenso chimanga cha Januwale chisanagawidwe. Iwo anati zikondwerero zikatha.

Anthu a kwa Bakari ankadziwa tsiku lawo. Anali atawerenga masiku ali tsidya lija, ndipo sabata yoyamba ya Januwale anawoloka nyanja pa mabwato, miyendo itatupa, kudzalandira thumba loti liwasunge pakhomo apalire minda yawo. Paja chimanga cha thandizo cha Januwale ntchito yake ndi imeneyo. Munthu akakhala ndi chakudya m'nyumba amapalira wake munda, akasowa amakapalira wa eni. Anasonkhana pabwalo la sukulu. Kalaliki anaitana maina makumi awiri ndi awiri, n'kutseka buku.

Pakati pa otsalawo panali Zelifa, mayi wamasiye wa ana anayi, amene ankasunganso bambo ake okalamba, che Laisi. M'kaundula munali maina awiri a pakhomo pawo, lake ndi la bambo akewo, amene ankawerengedwa ngati banja paokha, ndipo onse awiri anali atachotsedwa. Zelifa sanali munthu wobwerera ndi dengu lopanda kanthu osamva chifukwa. Anamuimirira kalaliki kutsogolo mpaka munthuyo, pofuna kudzichotsa pamoto, anatulutsa pepala n'kunena kuti iye alibe mlandu, nayi kalata ya wounika wa ku Balaka, ikuti inu kulibe. Zelifa kuwerenga sankadziwa. Analanda pepalalo, kulipinda kanayi, kulimanga pansonga ya chitenje. Mmawa mwake anagulitsa nkhuku yake yotsiriza, anayenda wapansi mpaka kusiteshoni, anakwera sitima yodutsa ku Liwonde, anagona pa Nkaya kudikira ina, ndipo tsiku lachitatu anali ataima pakhomo pa kaofesi kaja, fumbi mpaka m'maondo.

Sanaodire. Anafunsa kuti a Wadson ndi ati, ndipo atawaloza, anamasula pepala lija n'kuliyala patebulo pawo, pamwamba pa mapepala ena onse. Kenaka anatambasula mkono.

"Tsinani apa, bwana."

A Wadson anayang'ana mayi Halima.

"Musayang'ane amayiwo, sanalembe ndi iwo. Tsinani. Ndikufuna mudziwe ngati munthu woti kulibe amamva kuwawa."

A Wadson analiyang'ana pepalalo. Inali kalata yawo yomwe ija, mawu awo onse, dzina lawo pamwamba, itayenda kuchoka m'kaofesi aka kupita ku Lilongwe, kuchoka ku Lilongwe mpaka kunyanja, n'kubwerera pansonga ya chitenje itanyowa thukuta. Anayamba kufotokoza kuti iwo sanalamule kuti munthu achotsedwe, anangofunsa anzawo, kalatayo sinali yoti ifike kumeneko. Zelifa anawadula. Anati iye akauza munthu mmodzi kudondwe kumene amatunga madzi kuti mwana wa uje ndi wakuba, sangadzanene kuti sanafune kuti mudzi umve. Anatchula maina a anzake mmodzimmodzi, kuti uyu anali kuti tsiku lija, uyu ankalimira ndani, uyu ali ndi ana angati, mayi Halima akuthandiza pamene Chichewa chamuthawa. Pofika dzina lachikhumi a Wadson anali atakhala pansi, mwendo utasiya kugwedera.

Anati amugulira thumba la chimanga ndi ndalama zawo, lero lomwe.

"Thumba limodzi, mabanja makumi atatu?" anatero Zelifa. "Ndilandira, sindine wopusa, ana anga ali ndi njala. Mundikwezenso sitima pobwerera. Koma musaganize kuti mwagula pakamwa panga. Munatichotsa ndi chala chimodzi, mutibwezere ndi chala chomwecho."

Apa mpamene a Wadson anaphunzira kuti kugwetsa mphika n'kwa kamphindi, kuumba wina n'kwa masabata. Anaimbira foni a Yotamu kuwapempha kuti aifufute kalata ija pabwalo. A Yotamu anati angaifufute bwanji, ili m'makompyuta a anthu makumi asanu ndi limodzi, ena aitumiza kale kwina, ena aisindikiza. Anawauza kuti alembe ina yokonza. A Wadson analemba, koma molemba mwa munthu woteteza nkhope yake, kuti mwina panali kusamvetsetsana pang'ono pa nkhani ya kwa Bakari. Mayi Halima anawerenga n'kunena kuti yoyamba ija munalemba ndi nkhwangwa, iyi mwalemba ndi nthenga. Anailembanso, nthawi ino mosabisa, kuti anapitako kamodzi, okha, osadziwa chilankhulo, ndipo anthuwo alipo. Inayankhidwa ndi anthu awiri. Amene anathamangitsa kalata yoyamba kwa abwana ake sanathamangitse yachiwiri. Nkhani ya wakuba ili ndi miyendo, nkhani yoti kunalibe wakuba imakwawa.

Ndiye anayamba kuthamanga ndi a Wadson. Anapita ku ofesi ya bungwe lija ku Liwonde, anauzidwa kuti lamulo linachokera ku Lilongwe, iwo sangalisinthe. Anaimbira ku Lilongwe, anauzidwa kuti nkhani itafika kwa opereka thandizo singatsekedwe ndi foni, pakufunika kalata ya komiti ya aphungu. Komiti inali isanabwere kutchuthi. Itabwera inati iyo sinalandirepo lipoti lililonse la kwa Bakari, ndiye ikonza bwanji chinthu chimene sinachione. Potsiriza anagwirizana kuti mudziwo uwerengedwenso, pakhale wounika, wa bungwe, ndi wa kuboma ku Machinga, onse atatu tsiku limodzi. Kupeza tsiku loti anthu atatu a maofesi atatu akhale omasuka kunadya sabata ina. A Wadson anaonda. Njinga yamoto inaphulika tayala kawiri pamsewu wa ku Ntaja. Ankadya ataimirira, ankagona ndi nsapato pafupi, koma kuthamanga kwawo konseko sikunaike njere imodzi m'mphika wa munthu.

Ku mudzi kuja anthu sakanadikira makalata. Mabanja makumi awiri ndi awiri amene analandira anagawirako anzawo m'timbale, koma thumba la nyumba imodzi silidyetsa nyumba ziwiri ndi theka. Sabata isanathe amuna ndi akazi anamanganso zitseko ndi luzi n'kuwolokanso nyanja kukalima minda ya eni. Mvula inkagwa bwino chaka chimenecho, mvula imene anthu anailira zaka ziwiri, ndipo inameretsa udzu m'minda ya kwa Bakari mopanda wouletsa.

Tsiku lowerenganso likanafika anthu atatu aja akanapezanso zitseko zomanga, n'kutsimikiza bodza lomwe lija. Anapulumutsa zinthu ndi mayi Halima. Anapita okha Lachisanu lake, analankhula ndi shehe pamzikiti komanso akulu a mpingo wa patsidya pa dambo, ndipo uthenga unawoloka ndi asodzi kuti aliyense abwere, wosabwera wadzichotsa yekha. Anthu anasiya ganyu wa theka, ena osalandira n'komwe makaka awo, n'kubwera kudzaonetsa nkhope kuti ali moyo. Anawerengedwa kumapeto kwa Januwale. Panalibe dzina lopeka ngakhale limodzi.

Lole inafika pa 10 Febuluwale. Mayi Halima anauza a Wadson kuti maina aitane ndi iwo, kalaliki akhale pambali. Sanakane. Anaima pabwalo la sukulu lija opanda chisoti, kaundula ali m'manja, n'kuyamba kuitana. Anthu ankadzuka mmodzimmodzi, kutenga thumba, kudutsa pafupi nawo osawayang'ana. Panalibe wowatukwana. Bambo wina wamtali, atasenza thumba lake, anangowafunsa mwaulemu ngati lero akumuona bwinobwino kapena asendere pafupi, ndipo anthu anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu opanda mphamvu.

Ataitana dzina la Zelifa, anabwera n'kukokera thumba lake pambali. Ataitana la che Laisi, anabweranso Zelifa yemweyo.

"Mwini wake ali kuti, mayi?" anafunsa wa bungwe uja, poti lamulo latsopano linkati aliyense alandire yekha.

"Tinaika Lachiwiri lapitali," anatero Zelifa. "Munawawerenga ali pamphasa, simukukumbuka? Lembani kuti walandira mwana wawo."

Palibe amene ananena kuti thumba la Januwale likanawasunga che Laisi. Anali okalamba, miyendo inali itatupa kuyambira Novembala. Koma palibenso amene ananena kuti silikanawasunga, ndipo a Wadson anapitiriza kuitana maina otsalawo.

Kugawa kutatha anamufunafuna Zelifa kuti apepese. Iye anati kupepesa kwa pabwalo la sukulu n'kwa ana asukulu, ngati ali ndi mawu amutsate kunyumba, ndipo poti akupita komweko anyamule thumba limodzi. A Wadson analisenza. Njira inadutsa m'minda. Chimanga chinali chofika m'maondo, chachikasu, chowonda ngati bango, chitamira mu udzu wofika m'chiuno. Munda uwu choncho, uwo choncho, mpaka kukafika kudambo. Zelifa sanaime, anangoloza ndi chibwano n'kunena kuti ichi mwabweretsachi tidya mwezi uno, nanga icho tidzakolola chiyani mu Epulo. Thumba linkawalemera a Wadson pakhosi.

Atafika, anaizindikira nyumbayo. Anali ataimapo pabwalo pake tsiku lija. Anatula thumba pakhonde n'kuyamba mawu awo amene anawakonza njira yonse, koma Zelifa anawakodola kuti abwere. Anazungulira nyumba, iye patsogolo iwo pambuyo. Kuseri kunali mtengo wa mango, ndipo pansi pake panali malo osalala pamene mphasa inakhalitsa mpaka udzu unaleka kumera.

"Ndikamapita ku ganyu wa m'midzi yapafupi ndinkawagoneka apa, m'nyumba mumatentha," anatero. "Tsiku munabwera lija anali pompano. Anandiuza kuti kunabwera mlendo, anaitana dzina lawo kawiri. Anayankha, koma mawu anali atatha, ndipo kudzuka sakanatha. Anamva njinga ikulira, ikupita. Anadandaula sabata yonse kuti mlendo wabwera pakhomo pawo n'kubwerera osalonjeredwa."

Anatembenuka n'kuyang'ana pangodya ya nyumba, pamene anachokera.

"Werengani mapazi, bwana, poti kuwerenga ndiye ntchito yanu. Kuchoka pamene munaima kufika pano."

A Wadson sanawerenge mokweza, koma maso awo anayenda pansi. Anali mapazi khumi ndi awiri. Kalata yawo inafika ku Lilongwe, inafika kunja kwa dziko, inawerengedwa ndi anthu amene sadzaiona Chiuta mpaka kufa, koma mwini kalatayo analephera mapazi khumi ndi awiri. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Zelifa anali atapita kale kukamasula thumba, chifukwa ana anali akudikira ndipo kuchigayo n'kutali.

Ntchito sanawachotse a Wadson, ndipo pabwalo la imelo sanawathamangitse. Koma kalata ija ilipobe m'makompyuta a anthu, ndipo ounika atsopano akamaphunzitsidwa zoyenera kupewa, amawawerengera imeneyo, dzina la wolemba lili pamwamba. Kwa Bakari, chaka chimene midzi yoyandikana nayo inadzaza nkhokwe, mabanja makumi atatu anakolola za m'dengu. Akuluakulu sananame pamene anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.